Joshua Slocum

Joshua Slocum (20 February 1844 – November 1909) anali woyendetsa zombo wobadwira ku Nova Scotia, m'dziko la Canada. Iye ndiye munthu woyamba kuzungulira dziko lonse lapansi pa ngalawa ali yekha.

Mu 1892, ntchito itamusowa chifukwa zombo zoyendera nthunzi zinkalowa m'malo mwa zamatanga, Eben Pierce anamupatsa ngalawa yakale yotchedwa Spray, yomwe inkangowola pamtunda ku Fairhaven, Massachusetts. Slocum anaimanganso kwa miyezi 13 ndi ndalama zokwana $553.62. Anagwetsa yekha mtengo wa oak wopangira msana wa ngalawayo, n'kukhoma matabwa atsopano a paini, ndipo anamangamo tizipinda tiwiri, kogona ndi kophikira. Kutalika kwake kunali mamita 11.2 basi.

Ananyamuka ku Boston pa 24 April 1895. Atafika ku Buenos Aires anafupikitsa mlongoti, kenako anaimika wina waung'ono kumbuyo. Chodabwitsa cha Spray chinali chakuti inkayenda mosakhota chiwongolero chitangomangidwa. Pa masiku 23 a ulendo wochokera ku Thursday Island kukafika ku Cocos Keeling, Slocum anagwira chiwongolero maola osapitirira atatu, motero ankapeza mpata wogona, kuphika ndi kuwerenga. Anafika ku Newport, Rhode Island, pa 27 June 1898, atayenda makilomita oposa 74,000. Buku lake lofotokoza za ulendowu, Sailing Alone Around the World, linatuluka mu 1900.

Mu November 1909 ananyamuka ku Martha's Vineyard pa ngalawa yomweyo, yomwe inali itakalamba, ndipo sanaonekenso. Mu 1924 zinalengezedwa mwalamulo kuti anamwalira.