LISE MEITNER, MAI WOPIMA MPHAMVU ZA M'KATI MWA ATOMU

Mwa anthu amene adatsegulira dziko lapansi nzeru za atomu, dzina la Lise Meitner silimveka kawirikawiri monga maina a anzace. Komabe nchito imene maiyu adagwira ndi makina opima mphamvu za atomu iri pakati pa maziko a nzeru zimenezi, ndipo moyo wace ngwoyenera kuti awerengi athu audziwe.

Adabadwa pa 7 Novembala 1878 mu mzinda wa Vienna, likulu la dziko la Austria. Anali wacitatu mwa ana asanu ndi atatu a Philipp Meitner, munthu wodziwa malamulo, wa mtundu wa Ayuda. Masiku amenewo mwana wamkazi ankalekeza sukulu pa zaka 14, ndipo khomo la Yunivesite linali lomtsekera. Cifukwa cace Lise adayamba waphunzira uphunzitsi wa Cifaransa. Boma litalola akazi kulowa Yunivesite m'caka ca 1897, iye adadzipanikiza, natsiriza m'zaka ziwiri maphunziro amene anyamata ankatha m'zaka zisanu ndi zitatu. Pa mayeso a mu 1901 adakhalapo akazi 14, koma opambana anali anai okha, ndipo iye anali mmodzi wa iwo. Pa Yunivesite ya Vienna adaphunzira kwa Ludwig Boltzmann, mphunzitsi womveka wa physics, ndiko kuti nzeru za mphamvu ndi mayendedwe a zinthu zolengedwa. Mu 1906 adalandira udokotala wa maphunzirowa.

M'caka ca 1907 adanka ku Berlin kukamvera maphunziro a Max Planck. Kumeneko adakomana ndi Otto Hahn, mnyamata wodziwa kusanganiza ndi kulekanitsa mankhwala, ndipo adapangana kugwirira nchito pamodzi. Koma mkulu wa nyumba ya maphunziroyo, Emil Fischer, sankalola akazi kulowamo. Meitner adapatsidwa cipinda ca pansi cimene kale cinali cogwiriramo nchito amisiri a matabwa, ca khomo laceace lakunja, ndipo malipiro analibe. Ankakhalira ndalama zocepa zocokera kwa makolo ace. Mu 1908 adabatizidwa mu mpingo wa Lutheran. Malipiro ace oyamba adadza mu 1912, pamene Planck adamtenga kukhala womthandiza, ndipo caka comweco iye ndi Hahn adasamukira ku nyumba yatsopano ya Kaiser Wilhelm Institute ku Dahlem.

Kuti timvetse nchito yace tiyenera kuyamba tadziwa ici. Cinthu ciri conse, mwala, madzi ngakhale mpweya, ncopangidwa ndi timagawo tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tochedwa maatomu, ndipo atomu iri yonse iri ndi phata lace pakati. M'zitsulo zina, monga radium ndi uranium, phatalo nlosakhazikika: limasintha lokha, nilitaya tinthu touluka ndi liwiro loopsya. Tina mwa tinthuti ndi maelekitroni, amene anzeru amawacha ceza ca beta. Funso lalikulu linali ili: kodi maelekitroni amenewa amaturuka ndi mphamvu zotani? Pakuti wodziwa mphamvu zao akhoza kudziwa zocitika m'phata, m'mene diso la munthu silingafike.

Makina oyankha funsoli achedwa spectrometer. Munthu wouluza mapira adziwa kuti mphepo imakankhira mankhusu kutali, pamene maso a mapira amagwa pafupi, ndipo potero ziwirizi zimalekana. M'makina amenewa maginito ndiwo agwira nchito ya mphepo. Maelekitroni apitirizidwa pa kampata kopapatiza, nalowa pakati pa maginito. A mphamvu zocepa akhotetsedwa kwambiri, a mphamvu zambiri akhota pang'ono pokha. Potsiriza onse agunda pa galasi lojambulira zithunzi, yense pa malo pace, ndipo malo amenewo ndiwo aulula mphamvu zace. Kuyambira 1910 Meitner ndi Hahn adagwira nchito yotere ndi Otto von Baeyer. Popeza zina mwa zimene ankapima zinkatha mphamvu msanga, Meitner ankazinyamula mofulumira mtunda wa ngati kilomita imodzi, kucokera kumene Hahn adazikonzera kufikira kumene kunali maginito. Pa galasi padaoneka mizere yolekanalekana.

Nkhondo yaikulu yoyamba idadukiza nchitoyi. Mu 1915 Meitner adadzipereka kukajambula asilikari opwetekedwa ndi makina a X-ray m'zipatala za ankhondo a Austria. Atabwerera ku Berlin mu 1916 adapitiriza kufunafuna citsulo cina cosadziwika, nthawi zambiri ali yekha, popeza Hahn anali ku nkhondo. Mu 1918 awiriwa adalengeza kuti apeza protactinium, imene iri pa nambala 91 pa mndandanda wa zitsulo ndi zinthu zina zoyambira. Mu 1926 Meitner adakhala mkazi woyamba m'dziko la Germany kulandira udindo wa profesa wa physics.

Koma nkhani ya maelekitroni idabala mkangano wa zaka zambiri. Mu 1914 James Chadwick, pogwiritsa nchito cida cowerengera ca Hans Geiger m'malo mwa galasi, adaona kuti maelekitroni ambiri ali ndi mphamvu zosiyanasiyana, kuyambira zocepa kufikira zambiri, popanda mpata pakati. Meitner adakhulupirira kuti onse amacoka m'phata ndi mphamvu zofanana, ndi kuti ena amataya mphamvuzo panjira. Charles Ellis wa ku Cambridge adatsutsa zimenezi. Mu 1927 Ellis ndi William Wooster adatsekera radium E m'kabotolo kopima kutentha, kotero kuti mphamvu zonse, zotayika panjira zomwe, zisanduke kutentha m'menemo. Kutenthako kudapezeka kocepa, ngati gawo limodzi la magawo atatu a kumene maganizo a Meitner ankayembekeza.

Apa mpamene mtima wa maiyu udaonekera. Sadakane zimene adamva, ndiponso sadazibvomere msanga. Iye ndi Wilhelm Orthmann adapanga cida cao copima kutentha, cosamalika koposa, nabwereza nchito yonse. Cidaco cidacitira umboni Ellis. Meitner adamlembera kalata yobvomera kuti iyeyo ndiye adalondola, ndipo mu 1930 adasindikiza zimene adapeza kuti anthu onse aziwerenge, ngakhale zinkagwetsa maganizo amene adawateteza zaka zambiri. Tsono padatsala cozizwitsa: mphamvu zosowazo zinkanka kuti? Mu Disembala 1930 Wolfgang Pauli adalemba kalata kwa anzeru osonkhana ku Tübingen, makamaka kwa Meitner ndi Geiger, yonena kuti kapena pali kanthu kena kobisika kamene kamathawa nazo. Kanthuko kadachedwa neutrino, ndipo kadapezekadi mu 1956.

Hitler atatenga ufumu mu 1933, Meitner adalandidwa ufulu wophunzitsa pa Yunivesite cifukwa ca mtundu wace, ngakhale anali wobatizidwa. Adakhalabe ku Dahlem potetezedwa ndi pasipoti yace ya Austria, ndipo kuyambira 1934 iye ndi Hahn, pambuyo pace ndi Fritz Strassmann yemwe, adafufuza cimene cimacitika uranium ikaombedwa ndi tinthu tochedwa neutron. Mu 1938 Germany adameza Austria, ndipo pasipotiyo idasanduka pepala lacabe. Pa 13 Julai 1938, ali ndi zaka 59, adathawa pa sitima ya pamtunda kunka ku Holland, moperekezedwa ndi Dirk Coster. Adasiya makina ace ndi nchito ya zaka 31. Hahn adampatsa mphete ya diamondi ya mai ace kuti imthandize zikabvuta panjira. Potsiriza adafika ku Stockholm, kumene adalandira malo ogwirira nchito, koma zida ndi omthandiza zinali zosowa.

Mu Disembala caka comweco Hahn adamlembera kuti m'uranium yoombedwa ija apezamo barium, citsulo copepuka kwambiri poyerekeza ndi uranium, ndipo adampempha kuti amasulire cimeneci. Pa masiku a Khrisimasi, m'mudzi wa Kungälv, Meitner adakambirana nkhaniyi ndi Otto Robert Frisch, mwana wa mkulu wace. Adaganizira phata la uranium ngati dontho la madzi limene likagwedezeka limatalika, nilidukana pakati. Uranium iri pa nambala 92, barium pa 56; cotsala ndi 36, ndiyo nambala ya krypton. Meitner adawerenga kuti zidutswa ziwirizo zikaphatikizidwa zimapepukirako pang'ono kuposa phata lathunthu, ndi kuti, mwa lamulo la Einstein, kulemera kosowako kumasanduka mphamvu zokwana ma electron volt 200 miliyoni pa atomu imodzi. Adasindikiza zimenezi m'magazini ya Nature mu Febuluwale 1939.

Nzeru imeneyi ndiyo idabala magetsi a atomu, ndiponso bomba la atomu. Ataitanidwa kukathandiza nao kupanga bombalo ku America, Meitner adakanitsitsa. Mu Novembala 1945 kudalengezedwa kuti mphotho ya Nobel ya caka ca 1944 yapatsidwa kwa Hahn yekha. Cimeneci cidamuwawa, koma cibwenzi cao sicidathe. Komabe sadabise mau: adadzudzula anzace a ku Germany cifukwa cotumikira boma loipa ali cete, ndipo adadziweruza yekha kuti adalakwa pokhalabe m'dzikomo kufikira 1938.

Mu 1946 adakaphunzitsa kwa miyezi ingapo pa Catholic University of America ku Washington. Mu 1960 adasamukira ku Cambridge kukakhala pafupi ndi Frisch, ndipo mu 1966 boma la America lidapatsa iye, Hahn ndi Strassmann mphotho ya Enrico Fermi. Adamwalira pa 27 Okutobala 1968, atatsala masiku owerengeka kukwanitsa zaka 90, naikidwa m'manda a ku Bramley, ku Hampshire, pafupi ndi mlongo wace Walter. Mu 1997 cinthu ca nambala 109 pa mndandanda uja cidachedwa meitnerium pokumbukira dzina lace.

Ulemu umene anthu adam'mana ali moyo udamtsata mocedwa. Koma aphunzitsi ndi makolo pofotokozera ana mbiri imeneyi asaiwale ca m'caka ca 1930: munthu amene adapanga ndi manja ace cida coti ciyese maganizo ace, ndipo cidaco citamtsutsa, iye mwini ndiye adauza anthu onse.