Inkosi Gomani II ndi Khomo Lotsekedwa la Mfumukazi

Munthu akatenga nkhuku kupita nayo kubwalo kukadandaula, wavomera kale kuti mwini bwalolo ndiye mfumu yake. Mafumu anzeru adadziŵa zimenezi kalekale. Ku Florence, m'dziko la Italy, Cosimo de' Medici, amene adayamba kulamulira mu 1537, ankaŵerenga yekha makalata a madandaulo, ngakhale a amphaŵi, pakuti kalata iliyonse inkatsimikiza kuti chifundo chimachokera kwa iye.

Philip Zitonga Gomani adaiphunzira nzeruyi m'misozi. Anali kamwana pamene Angerezi adapha atate ake, Gomani I, mu 1896. Nyumba ya Maseko inali itagaŵikana kale, ndipo Kachindamoto ndi anthu ake adaatsikira kuchigwa cha Mtakataka ndi Golomoti. Ataloŵa ufumu mu 1921, Philip adalibe mikondo. Chimene anali nacho ndi bwalo lake ku Lizulu, kumene anthu ankatula milandu ya minda, maukwati ndi ng'ombe.

Koma iyenso anali wodandaula. Zaka zambiri adayenda njira ya makalata ndi ulemu, napempha boma la Atsamunda kuti lilemekeze ufumu wa makolo ake. Ine ndiyesa kuti bomalo linkakondwera ndi mapempho otere, chifukwa mfumu yopempha imaoneka ngati mwana wa m'nyumba.

Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitayandikira, mafumu adapita ku London kuchiyambi kwa 1953, ndipo Willard ndiye adaimira atate ake amene ankadwala. Adafuna kugwada pamaso pa Mfumukazi Elizabeth II, mdzukulu wa adzukulu a Victoria, amene m'dzina lake dziko lino lidalonjezedwa chitetezo. Sadawalole kuloŵa. Nduna yoona za maiko a Atsamunda, Oliver Lyttelton, ndiyo idawalandira, niwabweza chimanjamanja.

Apa mpamene Gomani adaleka kupempha. M'mwezi wa Meyi adauza anthu ake kuti asamverenso malamulo a boma a zaulimi. Boma lidamuimitsa paufumu, ndipo apolisi atafika ku Lizulu, iye adathaŵira ku Mozambique pamodzi ndi mbusa Michael Scott. Apwitikizi adawabweza. Scott adapirikitsidwa m'dziko muno, ndipo inkosi yodwalayo idapita nayo kuchipatala cha Malamulo ku Thyolo. Idamwalira mu Meyi 1954, chitaganya chitayamba kale.