Brouwer, Katswiri Amene Anatsutsa Lamulo Lakale la Kaganizidwe

Luitzen Brouwer anabadwira ku Overschie m'dziko la Holland m'chaka cha 1881. Anaphunzira masamu pa yunivesite ya Amsterdam, kumene pambuyo pake anakhala mphunzitsi wamkulu.

Kuyambira masiku a Aristotle, anthu ophunzira ankavomereza lamulo lakuti mawu alionse otsimikiza kanthu ndi oona kapena onama, popanda njira yachitatu. M'chaka cha 1908 Brouwer analemba kuti lamuloli si lodalirika nthawi zonse. Munthu angathe kuyang'ana mazira a m'dengu limodzilimodzi kuti adziwe ngati muli lovunda, koma manambala alibe polekezera, choncho palibe amene angawayese onse. Kwa Brouwer, wonena kuti nambala yakutiyakuti ilipo ayenera kusonyeza njira yoipezera.

Maganizowa anamdanitsa ndi David Hilbert wa ku Germany, amene anaopa kuti mbali yaikulu ya masamu idzagwa. M'chaka cha 1928 Hilbert anamchotsa pakati pa akonzi a magazini ya Mathematische Annalen. Zimenezi zinamupweteka mtima Brouwer, ndipo kwa zaka zingapo anafalitsa zochepa.

Komabe mbewu inali itamera kale. Mu 1930 wophunzira wake, Arend Heyting, analemba mwadongosolo malamulo a kaganizidwe katsopanoka. Mu 1937 Ingebrigt Johansson wa ku Norway anachotsaponso lamulo lakuti mawu awiri otsutsana akavomerezedwa pamodzi, chilichonse chingatsimikizike. Malamulo otsalawo amatchedwa minimal logic.

Brouwer anamwalira mu 1966 atagundidwa ndi galimoto ku Blaricum, pafupi ndi kwawo.