Alexandre Dumas, Mlembi wa Nthano za Malupanga

Nyengo yozizira ikafika ku Chimbonila, ana amaotha moto madzulo. Agogo amawasimbira nthano. Kutali, ku dziko la France, kunali munthu wina amene ankalemba nthano zake m'mabuku. Dzina lake linali Alexandre Dumas.

Alexandre anabadwa pa 24 Julayi 1802, m'tauni ya Villers-Cotterêts. Agogo ake aakazi anali munthu wakuda. Anali kapolo pa cilumba cina, kumene lero kuli dziko la Haiti. Dzina la Dumas linacokera kwa agogowo. Mwana wawo, bambo a Alexandre, anakhala mkulu wa asilikali a France. Anali amphamvu ndi olimba mtima. Adani anawatsekera m'ndende zaka ziwiri, ndipo anaturukamo akudwala. Anamwalira mu 1806, Alexandre asanakwanitse zaka zinayi.

Pakhomo panagwa umphawi. Amayi analera mwana wawo movutika. Sukulu sanapite nayo patali, koma ankalemba zilembo zooneka bwino. Ali ndi zaka 20 anapita ku mzinda wa Paris. Kumeneko anapeza nchito ya ukalaliki cifukwa ca zilembo zakezo. Akaweruka ku nchito, ankawerenga mabuku. Kenako anayamba kulemba masewero ndi nthano.

Mu 1844 analemba buku lochedwa Les Trois Mousquetaires. Pa Cipwitikizi ndi Os Três Mosqueteiros. Limasimba za mnyamata wosauka, d'Artagnan, amene anapita ku Paris pa kavalo wokalamba. Anapalana ubwenzi ndi asilikali atatu a mfumu: Athos, Porthos ndi Aramis. Anayiwa ankamenya nkhondo ndi malupanga. Wina akagwa m'mavuto, anzake sankamuthawa. Nthanoyi inkaturuka m'nyuzipepala pang'onopang'ono, ndipo anthu ankadikira kuti amve cotsatira. Mnzake Auguste Maquet ankamuthandiza kulemba.

Buku lina ndi Le Comte de Monte-Cristo. Limasimba za munthu amene anamangidwa popanda mlandu. Patapita zaka 14 anathawa m'ndendemo.

Anthu ena ankamunyoza Dumas cifukwa ca khungu lake. Iye sanaleke kulemba. Anapeza ndalama zambiri, namanga nyumba yaikulu. Koma ndalamazo sankazisunga. Ngongole zitacuruka, nyumbayo inagulitsidwa. Anamwalira pa 5 Disembala 1870, pakhomo pa mwana wake.

Mu 2002 mafupa ake anasamutsidwira ku Panthéon, ku Paris, kumene amaika anthu olemekezeka a France. Amuna anayi ovala ngati asilikali a m'nthano yake ndiwo ananyamula bokosilo. Mdzukulu wa kapolo uja anagona pakati pa akuluakulu a dziko.

Mafunso

1. Kodi dzina la Dumas linacokera kwa yani?
2. N'ciani cinathandiza Alexandre kupeza nchito?
3. Pemphani agogo akusimbireni nthano ya munthu wolimba mtima. Mawa mudzasimbire anzanu.