Josephine Bakhita Woyera: kapolo amene adapeza mtendere wa mumtima

Chaka chilichonse pa 8 February Eklezia amakumbukira Josephine Bakhita Woyera, mwana wa ku Sudan amene adagulitsidwa pamsika ngati mbuzi, koma adamwalira ali sisiteri wodziwika ndi kufatsa. Kwa ife a ku Namwera mbiri yake si nkhani ya kutali. M'zaka zomwe iye adali m'manja mwa ogula anthu, kuno kum'mwera kwa nyanja ya Malawi nakonso kunkadutsa mizere ya akapolo yopita ku madoko a kunyanja yamchere monga Kilwa. Mabwinja a Fort Mangochi, linga limene Angerezi adamanga m'mapiri athu ano atagonjetsa mfumu Jalasi m'chaka cha 1895, akadali mboni ya nthawi imeneyo. Tiyeni tsono tione m'mene munthu wozunzidwa chotere adafikira pokhala pa mtendere ndi iye mwini komanso ndi anthu anzake.

Bakhita adabadwa cha m'ma 1869 m'mudzi wa Olgossa, m'chigawo cha Darfur. Asadafike zaka khumi adagwidwa ndi achifwamba ogulitsa anthu, monga momwe adagwidwira mkulu wake zaka zingapo m'mbuyomo. Mantha a tsiku limenelo adamuiwalitsa dzina lomwe makolo ake adamupatsa, ndipo sadalikumbukirenso mpaka imfa. Dzina loti Bakhita, limene m'Chiarabu limatanthauza wamwayi, adamutcha ndi omugwirawo. Adayenda pansi mtunda wautali kukafika ku El Obeid, ndipo adagulitsidwa kangapo konse.

Kunyumba kwa mkulu wina wa asilikali wa ku Turkey ndi kumene adaona zowawa zoposa. Ankakwapulidwa pafupifupi tsiku ndi tsiku. Tsiku lina adamujambula mizere ndi ufa pathupi, namutema ndi lumo malo 114 pachifuwa, pamimba ndi pamkono, kenaka nathira mchere m'mabalamo kuti zipsera zisadzafufutike. Zipsera zimenezi adakhala nazo moyo wake wonse.

M'chaka cha 1883 adagulidwa ku Khartoum ndi Callisto Legnani, kazembe wa dziko la Italy, amene sankamumenya. Mu 1885 adapita naye ku Italy, komwe adaperekedwa ku banja la a Michieli kuti azilera mwana wawo wamkazi. Mu 1888 mayi wa m'banjamo adamusiya pamodzi ndi mwanayo kwa asisiteri a chipani cha Canossian mu mzinda wa Venice. Kumeneko adayamba kuphunzira katekisimu, ndipo adazindikira kuti Mulungu amene ankamuganizira ali mwana poyang'ana dzuwa, mwezi ndi nyenyezi, amamudziwa ndipo amamukonda. Mayi uja atabwera kudzamutenga kuti abwerere naye ku Sudan, Bakhita adakana. Aka kadali koyamba kuti adzisankhire yekha chochita. Nkhaniyo idafika kwa akuluakulu a zamalamulo, ndipo pa 29 November 1889 adagamula kuti iye ndi mfulu, popeza malamulo a dziko la Italy sankavomereza ukapolo.

Adabatizidwa pa 9 January 1890 ndi kulandira dzina loti Josephine. Adachita malumbiro ake ausisiteri pa 8 December 1896, ndipo mu 1902 adatumizidwa ku Schio, tauni ya kumpoto kwa Italy, komwe adakhala zaka zambiri zotsala za moyo wake. Ntchito zake zidali zapansi: kuphika, kusoka, kusamala za m'sakristiya ndi kulandira alendo pakhomo. Ena poyamba ankamuyang'ana modabwa chifukwa cha khungu lake, koma iye sadachite nalo manyazi. M'kupita kwa nthawi anthu a ku Schio adayamba kumutcha Madre Moretta, kutanthauza mayi wakuda, ndipo ankadza kwa iye ndi mavuto awo.

Kodi mtendere wake udachokera kuti? Choyamba, Bakhita adalandira mbiri yake yonse popanda kubisa gawo lina. Dzina limene adamutcha omugwira adalisunga. Akuluakulu a chipani atamupempha kuti afotokoze za moyo wake adavomera, ngakhale kuti kukumbukira kunkamupweteka, ndipo buku la mbiri yake lidatuluka mu 1931. Ngakhale mawu oti bwana, amene kwa kapolo ndi mawu oopsa, iye adawagwiritsa ntchito poitana Mulungu, chifukwa adali atapeza Mbuye amene nayenso adakwapulidwa ndipo ali ndi zipsera. Atadziwa kuti ndi mwana wa Mulungu, zomwe anthu adachita pathupi lake zidaleka kukhala muyeso wa ulemu wake.

Chachiwiri, adaona umunthu mwa omwe adamuzunza. Ankawamvera chisoni ponena kuti sankamudziwa Mulungu wachikondi, ndipo ankawapempherera. Adafika ponena kuti atakumana nawo akadawagwadira ndi kupsompsona manja awo, popeza njira yowawayo ndi imene idamufikitsa ku ubatizo. Apa tisamve ngati kuti ukapolo udali wabwino. Udali tchimo lalikulu, ndipo Bakhita mwiniyo adakana kubwerera m'menemo. Tisaganizenso kuti mabala ake adatheratu, pakuti ali pafupi kutsirizika adayambanso kumva ngati ali muunyolo, napempha womudwazika kuti amumasuleko. Mtendere wake udali wa munthu wokumbukira zonse koma wosasunga mangawa.

Adamwalira pa 8 February 1947. Papa John Paul II adamulengeza kukhala Wodala pa 17 May 1992, ndi Woyera pa 1 October 2000. Kuyambira m'chaka cha 2015 tsiku lake ndi tsikunso lopempherera kuti mchitidwe wozembetsa ndi kugulitsa anthu uthe. M'dayosizi yathu ino ya Mangochi dzina lake likukumbukika pa sukulu ya Bakhita ku Balaka, imene amayendetsa ndi asisiteri a Canossian.

Abale ndi alongo, m'miphakati mwathu muli anthu amene adasiya kubwera ku Misa chifukwa cha manyazi: mnyamata amene adabwera ku Joni chimanjamanja, mtsikana amene adasiyira sukulu panjira chifukwa cha mimba, bambo kapena mayi amene adapezeka ndi kachilombo ka HIV. Ambiri mwa iwo adadziweruza kale okha, ndipo sakusowa woweruza wina. Inu akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati, powayendera muziyamba ndi chimene asisiteri a ku Venice adayamba nacho kwa Bakhita, ndiko kumutsimikizira munthu kuti Mulungu amamudziwa ndipo akumuyembekeza monga momwe alili. Kulapa ndi kusintha zimabwera msanga mwa munthu amene waleka kudzida.

Komanso kuno ku Namwera timakhala pakati pa abale athu Achisilamu. Timatunga pa mjigo umodzi, timagula pa msika umodzi, ndipo pa maliro timakhala pa mphasa imodzi. Pakati pathu pali zidzukulu za omwe ankagulitsa anthu ndi zidzukulu za omwe ankagulitsidwa, ndipo maukwati adatisakaniza kalekale. Mbiri ya ukapolo isakhale ndodo yomenyera mtundu kapena chipembedzo china. Ngati Bakhita adatha kuona munthu mwa amene adamutema ndi lumo, ifenso tingathe kuona m'bale mwa mnansi amene amapemphera mosiyana nafe.

Josephine Bakhita Woyera, mutipempherere ife.