Otto Loewi, katswiri amene anatulukira mmene mitsempha imaperekera uthenga

Otto Loewi anabadwa pa 3 June 1873 m'banja lachiyuda mumzinda wa Frankfurt ku Germany. Anamaliza maphunziro a udokotala ku Strasbourg mu 1896. Atagwirako ntchito m'chipatala, anakhumudwa kuona odwala chifuwa chachikulu ndi chibayo akumwalira popanda mankhwala owachiza, choncho anasiya zochiritsa n'kuyamba kafukufuku wa mankhwala. Mu 1909 anakhala pulofesa pa yunivesite ya Graz ku Austria.

Masiku amenewo akatswiri ankatsutsana ngati mtsempha umalamula chiwalo kudzera mu mphamvu ya magetsi kapena kudzera mu kemikolo. Mu 1921 Loewi anapeza yankho pogwiritsa ntchito mitima iwiri ya achule imene anaiika m'madzi amchere ikugundabe. Atagwedeza ndi magetsi mtsempha wotchedwa vagus wa mtima woyamba, mtimawo unayamba kugunda pang'onopang'ono. Kenaka anatunga madzi a mu mtimawo n'kuthira mu wachiwiri, umene unalibe mtsemphawo, ndipo nawonso unachepetsa liwiro. Apa zinaonekeratu kuti mtsempha unatulutsa kemikolo m'madzimo.

Pofika mu 1926, iye ndi mnzake Ernst Navratil anasonyeza kuti kemikoloyo ikufanana ndi acetylcholine, komanso kuti thupi limaiphwanya msanga ikangomaliza ntchito. Mu 1936 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Henry Dale wa ku Britain.

Ulemuwu sunamuteteze. Asilikali a Germany atalowa mu Austria mu March 1938, Loewi anamangidwa pamodzi ndi ana ake aamuna awiri chifukwa chokhala Myuda. Anamulola kutuluka m'dzikolo atamukakamiza kupereka ndalama zake za mphoto ya Nobel ku banki imene inali m'manja mwa chipani cha Nazi. Anakhalako ku Brussels ndi ku Oxford, ndipo mu 1940 anakayamba ntchito pa yunivesite ya New York. Anamwalira mumzindawo pa 25 December 1961.

Ntchito yake inabutsa funso lina: ngati acetylcholine amaphwanyidwa nthawi zonse, mtsempha umapeza kuti wina? Akatswiri a pambuyo pake anapeza kuti akaphwanyidwa pamatsala choline, amene selo la mtsempha limamutenganso. Pa khungu la selolo pali puloteni yotchedwa CHT1, yomwe imapinda kudutsa khungulo maulendo 13 ndipo imakokera choline mkati mothandizidwa ndi sodium. Jini yake inadziwika mu 2000. Puloteniyi ikapanda kugwira bwino ntchito, mtsempha umasowa chopangira uthenga watsopano, minofu imafooka, ndipo ana ena obadwa ndi vutoli amalephera kupuma bwino.

Mankhwala ena othandiza odwala matenda a Alzheimer ndi myasthenia gravis amagwira ntchito pochedwetsa kuphwanyidwa kwa acetylcholine, mfundo imene maziko ake anayalidwa ku Graz.