Constantine, Mfumu ya Roma, ndi ndalama zake za mkuwa

Ambiri timamudziwa Constantine cifukwa ca msonkhano wa ku Nicaea wa mu 325, umene anaitanitsa ndi iye, ndipo ndi kumeneko kunayambira Cikhulupiriro ca ku Nicaea. Koma ndalama za mkuwa zimene anthu ake anali kugulira buledi zionetsa munthu amene anacedwa kusiya zakale.

Anabadwira ku Naissus, m'dziko limene lero ndi Serbia, ca m'ma 272. Atate ake Constantius atamwalira ku York mu 306, asilikali anamulonga ufumu. Mu 312 anagonjetsa Maxentius pa mlatho wa Milvian pafupi ndi Roma, ndipo olemba mbiri Acikristu a nthawiyo anati anamenya nkhondoyo ndi cizindikiro ca Kristu. Caka cotsatira iye ndi Licinius analola Akristu kupembedza mwaufulu.

Masiku amenewo kunalibe wailesi. Mfumu ikafuna kuuza anthu kuti ndi yani, inali kusindikiza uthengawo pa ndalama, makamaka za mkuwa, pakuti ndizo zinali kufika m'manja mwa osauka. Kumaso kunali mutu wa Constantine. Kumbuyo kwa zambiri, kwa zaka zingapo nkhondo ija itapita, kunali kuimabe mulungu wa dzuwa, Sol, wonyamula dziko m'dzanja, wolembedwa kuti ndi mnzake wa mfumu. Ngakhale lamulo la mu 321 lakuti anthu azipuma pa Sondo linachula tsikulo kuti la dzuwa. Ena amati anali kunyengerera anthu ake, popeza ambiri sanali Akristu. Ine ndiona mtima umene unali kutembenuka pang'onopang'ono, monga timaonera m'kalasi ya ubatizo.

Ca m'ma 327 ku Constantinople kunatuluka kandalama kosiyana: mbendera ya nkhondo yokhala ndi zilembo ziwiri zoyamba za dzina la Kristu m'Cigriki, mtengo wake utalasa njoka. Ndalamazi n'zosowa kwambiri lero. Tisaiwale kuti mu 326 mfumu yomweyi inali itaphetsa mwana wake Crispus.

Anabatizidwa ali pafupi kufa, namwalira pa 22 May 337. Ana ake anasindikiza ndalama ya mkuwa yomukumbukira: iye ali pa galeta wa akavalo anayi, monga anali kujambulidwira Sol, ndi dzanja lotuluka kumwamba kudzamulandira.